Dzanja Lamanzere Nalonso Ndi Dzanja

 

Lero ndikufuna tikambirane mawu amodzi amene ndimawamva kawirikawiri anthu akabwera kudzapempheredwa. Mawu ake ndi akuti "ndikanakhala". Abusa, ndikanakhala ndi mpamba bwenzi nditayamba geni. Ndikanakhala kuti ndinamaliza sukulu bwenzi ndili pantchito. Ndikanakhala ndi munda waukulu. Ndikanakhala ndi m'bale ku Joni woti anditumizire kangachepe. Anthu amenewa sakunama ayi. Mpamba alibedi, setifiketi alibedi. Koma chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti munthu amatha zaka zisanu atakhala pa mawu amenewa ngati pampando, ana akukula, mphamvu zikupita. Wina amatopa kudikira n'kupita kwa akatapila kuti afanane ndi mnzake woyandikana naye, ndipo mapeto ake njinga yapita, malata apadenga apita.

Tsono tamvetserani bwino. Chinthu chimene chikukucheperani chimakutsekerani njira imene anthu ambiri akudutsa, zimenezo n'zoona. Koma pokutsekerani njira imeneyo chimakukakamizani kuchita zinthu mosiyana ndi anzanu, ndipo phindu limabisala mu kusiyanako. Makolo athu anaziona kalekale pamene ankati ukaipa dziwa nyimbo. Ndikufuna ndikuonetseni m'mene zimenezi zimayendera, m'Mawu a Mulungu ndiponso pa moyo wathu wa tsiku ndi tsiku.

Munthu wamanzere wa fuko la dzanja lamanja

Amene muli ndi Baibulo pafupi tsegulani Oweruza mutu 3, kuyambira ndime 12. Aisraeli anakhala pansi pa Egiloni, mfumu ya Mowabu, zaka 18, akupereka msonkho. Atalira kwa Yehova, Iye anawadzutsira mpulumutsi dzina lake Ehudi, wa fuko la Benjamini. Ndipo Baibulo likutiuza kanthu kamodzi kokha ka thupi lake: anali wamanzere.

Mawu a Chiheberi amene ali pamenepo amanena za munthu amene dzanja lake lamanja ndi lomangika, losagwira ntchito momasuka. Tsono dzina loti Benjamini limatanthauza mwana wa dzanja lamanja. Mukuona pamenepo? Munthu wabadwira m'fuko lotchedwa ndi dzanja lamanja, iye dzanja lamanjalo ndi limene likumuvuta. Ifenso kuno timadziwa zimene mwana wamanzere amakumana nazo. Akatema nsima ndi lamanzere amamumenya padzanja. Akalandira chinthu ndi lamanzere amati ndi wamwano. Amakula akudziona ngati analakwika popangidwa.

Ehudi anasula lupanga lalifupi lakuthwa konsekonse, n'kulimangirira pa ntchafu ya kumanja, m'kati mwa zovala. Chifukwa chake n'chosavuta. Munthu wogwiritsa dzanja lamanja amamangira lupanga kumanzere kuti alisolole bwino, choncho maso a mlonda aliyense anazolowera kuyang'ana kumanzere. Wamanzere lupanga lake limakhala mbali imene anthu saiganizira. Ehudi anapereka msonkho, analowa yekha m'chipinda cha mfumu, ndipo ukapolo wa zaka 18 unathera pomwepo. Dziko linapumula zaka 80. Aleluya!

Ndisamveke molakwika, sindikuphunzitsa aliyense kunyamula mpeni. Imeneyo inali nkhondo ya nthawi imeneyo. Ine ndikukuonetsani kuti msilikali wamphamvu wa dzanja lamanja sakanadutsa pakhomo limene lija, wodutsa anali yemwe uja ankaoneka woperewera. Ndipo mukapitirira mpaka mutu 20 mupeza kuti fuko lomwelo la Benjamini linali ndi amuna 700 amanzere, akatswiri oponya miyala osaphonya. Dzanja lamanzerelo analiphunzitsa ntchito mpaka linakhala luso. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa kubadwa wamanzere kokha sikunapulumutse munthu. Ehudi anakhala pansi, anaganiza, anasula lupanga la msinkhu woti libisike, anasankha mbali yolimangirira.

Musavale zida za Sauli

Pa 1 Samueli 17 tikupezapo nkhani imene ngakhale ana a Sande sukulu amaidziwa, koma pali mbali imene timaidumpha. Malaya achitsulo a Goliati ankalemera masekeli 5,000 a mkuwa, ndiye kuti kuposa makilogalamu 50. Munthu ameneyu ankayenda atasenza katundu woposa thumba la chimanga. Pomenyana pafupi, lupanga kwa lupanga, panalibe womugonjetsa. Sauli pofuna kuthandiza Davide anamuveka zida zake zankhondo, ndipo mnyamatayo anayesa kuyenda nazo koma zinamukanika poti sanazizolowere. Anazivula. Akanalimbikira kuti aoneke ngati msilikali weniweni, akanamenya nkhondo imene Goliati ankaidziwa bwino, ndipo akanafa tsiku lomwelo. Ubusa wa nkhosa, ntchito yonyozeka ija, ndi umene unamuphunzitsa kuponya mwala ali patali ndi kuthamanga thupi lili lopepuka.

Tibwere nazo kwathu kuno. Mayi anga, muli ndi kabenchi pakhomo, mukugulitsa tomato, mchere ndi mafuta ophikira. Mumayang'ana sitolo yaikulu ya m'tauni n'kumati ine ndine ndani. Koma taganizani zimene sitolo yaikulu singathe kuchita. Singagulitse mafuta a m'kachubu okwanira ndiwo za tsiku limodzi. Singapime kaufa ka walkman koti banja lidye usiku umenewo. Sitsegula m'bandakucha pamene mwana akufuna shuga wa phala asanapite kusukulu. Sidziwa kuti bambo a nyumba yachitatu amalandira pa 25, ndiye mutha kuwapatsa sopo lero iwo adzapereka. Inu mumatha zonsezi chifukwa ndinu wamng'ono ndipo muli pafupi. Katundu wanu ndi wochepa, sachedwa kutha, ndalama imazungulira tsiku lililonse. Mukaona kuti chinthu china sichikuyenda, mawa lomwe mwasintha, osadikira msonkhano wa mabwana.

Vuto limabwera mukafuna kuvala zida za Sauli. Mwatenga ngongole yaikulu kuti mudzaze mashelefu muoneke ngati sitolo, katundu wagona miyezi itatu, chiwongoladzanja chikukwera. Pamenepo mwataya kupepuka kumene kunali mphamvu yanu, ndipo mwalowa nkhondo imene wamkulu amaidziwa kuposa inu. Kukula n'kwabwino, ndipo ndikukupemphererani kuti mukule, koma kulani ndi phindu limene geniyo ikubala, ndi zimene mukusunga ku banki m'khonde, pang'onopang'ono.

Werengani zimene zatsala m'nyumba

Chinthu china chimene kusowa kumachita n'kutsegula maso. Munthu wokhuta sayang'ana m'mphika kawiri. Pa 2 Mafumu mutu 4 pali mayi wamasiye wa mmodzi wa ana a aneneri. Mwamuna wamwalira atasiya ngongole, ndipo mwini ngongole akubwera kudzatenga ana aamuna awiri kuti akhale akapolo. Elisa sanamupatse ndalama. Anamufunsa kuti atchule chimene chilipo m'nyumba, ndipo mayiyo anayamba ndi kunena kuti mulibe kanthu, kenako n'kukumbukira kambiya ka mafuta. Mneneri anamutuma kuti akabwereke ziwiya zopanda kanthu kwa anansi.

Taonani nzeru imeneyi. Mayiyu akanapita kukapempha ndalama, zitseko zikanatsekedwa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti ali m'ngongole. Koma ndani angakukanize mtsuko wopanda kanthu? Anapempha chinthu chimene anthu sangavutike kupereka. Mulungu anachulukitsa mafuta, ndipo analeka kutuluka pamene ziwiya zinatha. Chozizwitsa chinali cha Mulungu, koma kuyenda khomo ndi khomo, kuthira, kukagulitsa ndi kubweza ngongole inali ntchito ya mayiyo ndi ana ake.

Tili ndi chitsanzo cha kwathu konkuno. Ambiri munamva za William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 mpaka 2002 banja lawo linkadya kamodzi patsiku, ndipo iye anasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo analibe fizi. Anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsatira kwambiri zithunzi ndi zojambula mpaka anamvetsa m'mene chinthucho chimagwirira ntchito. Ndalama yogulira zipangizo analibe, choncho anapita kudzala la zitsulo zakale. Anatola fani ya thirakitala, anawongola mapaipi apulasitiki pamoto kuti akhale mapiko, anagwiritsa ntchito felemu ya njinga ya bambo ake ndi dayinamo ya njinga, n'kuimika nsanja ya mitengo ya bulugama. Anthu ankati wachita misala. Ali ndi zaka 14, babu linayaka m'nyumba ya kumudzi kumene kunalibe mawaya a magetsi. Pambuyo pake anabwerera kusukulu, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America.

Zitsulo zija zinali pamenepo zaka zambiri, anthu akuzidutsa. Mphepo ya ku Kasungu inkaomba pa aliyense. Amene anaziona ngati zipangizo ndi mnyamata amene analibe kogula zatsopano. Njala ija inali yoipa, inapha anthu, ndipo palibe amene angaiyamikire. Koma m'kati mwa choipacho mnyamatayu anafunsa funso la Elisa lija, kuti chatsala n'chiyani, ndipo anapeza laibulale, dzala ndi mphepo.

Alimi mukudziwa zimenezi kuposa ine. Feteleza atakwera mtengo, ambiri munaphunzira kupanga manyowa a Mbeya. Mumasakaniza ndowe zouma za ziweto, phulusa, gaga, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masabata atatu. Miyezo yake mufunse alangizi a zaulimi a kwanuko. Phulusa lija munkataya kuseri kwa nyumba, ndowe zija zinkangonunkha m'khola. Lero zikutambasula feteleza wochepa kuti akwanire malo aakulu, ndipo nthaka ikulandira chakudya chimene feteleza yekha sapereka. Abale athu a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu minda yawo ndi yaing'ono poti anthu ndi ochuluka. Kuchepa kwa malo kunawaphunzitsa kubzala nandolo m'kati mwa chimanga. Nandolo amakula pang'onopang'ono chimanga chili m'munda, mizu yake imapita pansi kwambiri, amawonjezera chonde m'nthaka, ndipo amacha chimanga chitakololedwa kale. Munda umodzi ukupereka nsima, ndiwo, nkhuni za mapesi ake, ndi mbewu yogulitsa imene imakafika mpaka ku India. Nanga mfutso? Agogo athu analibe firiji. Anaphunzira kufutsa nkhwani ndi chitambe nthawi ya dzinja masamba ali mbwee, ndipo chilimwe chikafika, ndiwo zitasowa, mfutso uja ndi chakudya, ndi ndalamanso pamsika.

Pamene miyendo yamangidwa

Pali ena mukundimvera amene vuto lanu si ndalama. Inu chimene chakumangani ndi malo. Simungachoke pakhomo chifukwa muli ndi ana aang'ono, kapena mukusamalira kholo lodwala, kapena thupi silikulolani kuyenda mtunda. Mtumwi Paulo anali munthu wa maulendo, woyenda mizinda ndi mizinda, koma anatsekeredwa. Buku la Machitidwe limathera pa zaka ziwiri zimene anakhala womangidwa ku Roma, akulandira anthu m'nyumba imene ankakhala. Makalata a kwa Aefeso, Afilipi, Akolose ndi Filemoni anawalemba ali m'ndende. Akanakhala womasuka mwina akanangopita kukalankhula nawo pakamwa, mawuwo n'kuthera m'makutu a anthu a nthawi imeneyo. Chifukwa sanathe kupita, analemba, ndipo ife tikuwerenga lero. Iye mwini anauza Afilipi kuti kumangidwa kwake kunathandiza kuti Uthenga Wabwino ufalikire mpaka kwa asilikali olondera.

Mlongo wanga, ngati simuchoka pakhomo ndiye kuti ndinu munthu amene amapezeka nthawi zonse. Anzanu opita kuntchito akusowa wowasungira ana, akusowa wowasokera yunifolomu, akusowa pogula zitumbuwa m'mawa. Nkhuku zimafuna munthu wokhala pakhomo. M'bale wanga mlonda, usiku wanu ndi wautali ndipo malipiro ndi ochepa, koma muli ndi maola a bata amene wogwira ntchito masana alibe. Ngati abwana anu alola, ndipo maso anu sakuchoka pa ntchito imene anakulemberani, buku la Fomu 4 likhoza kukhala m'thumba mwanu, poti mayeso a MSCE munthu amatha kulembanso ngakhale atakula.

Ndipo kumbukirani kuti vuto limene muli nalo simuli nalo nokha. Louis Braille wa ku France anavulala diso ali ndi zaka zitatu m'nyumba imene bambo ake ankagwiriramo ntchito ya zikopa, ndipo pasanapite nthawi maso onse awiri anachita khungu. Ali ndi zaka 15, mu 1824, anakonza kalembedwe ka timadontho totukuka tosapitirira tisanu ndi kamodzi, towerenga ndi nsonga ya chala. Anthu openya anali atayesa kale kuthandiza akhungu powasindikizira zilembo wamba zazikulu zotukuka, koma zinali zochedwetsa kuwerenga. Amene anadziwa chimene chala chimatha kumva ndi amene ankawerenga ndi chala. Lero abale athu osaona akuwerenga Baibulo ndi kulemba mayeso ndi kalembedwe kameneko. Njira imene mwapeza yothanirana ndi vuto lanu, alipo anthu ambiri amene akuifuna, ndipo inu mumawamvetsa kuposa munthu amene sanalawepo vutolo.

Tisasokoneze zinthu

Apa ndiyenera kuchenjeza, chifukwa uthenga ngati uwu anthu ena amaupotoza. Si chopinga chilichonse chimene muyenera kukhala nacho. Ngati mukudwala matenda ochizika, tikupemphererani, komanso pitani kuchipatala ndipo mankhwala mumwe monga adokotala anenera. Ngati mwana wasiya sukulu, musanene kuti adzakhala ngati Kamkwamba, chifukwa Kamkwamba mwiniwakeyo mwayi utapezeka anathamangira m'kalasi. Ngati bwana akukubera malipiro, chimenecho ndi chisalungamo, ndipo Baibulo limadzudzula wobera antchito. Kadandauleni koyenera. Ulesi, kuledzera ndi juga si dzanja lamanzere, zimenezo n'zofunika kulapa.

Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, monga tikuwerengera pa 2 Akorinto 12. Sanalakwe kupempha. Yankho limene analandira linali lakuti chisomo chimukwanira, ndi kuti mphamvu ya Ambuye imaonekera bwino pamene munthu ali wofooka. Ife Apentekoste timakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa ndipo amatsegula makomo, ndipo sitisiya kupemphera. Koma pamene mukudikira yankho, manja asapindike. Chimene chingachoke limbanani nacho kuti chichoke. Chimene sichikuchoka lero, chifunseni kuti chikuphunzitseni ntchito.

Ndipo inu ampingo, lekani kuyang'ana munthu wolumala, wosaona, kapena wa khungu la chialubino ngati wotembereredwa. Ophunzira atafunsa Yesu kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, pa Yohane mutu 9, Iye anakana kuti tchimo la munthuyo kapena la makolo ake ndilo linachititsa. Mpatseni malo m'kwaya, mpatseni udindo, mugule katundu wake, mumulembe ntchito. Mpingo umene umasankha a dzanja lamanja okhaokha udzamusiya Ehudi panja.

Chochita sabata ino

Musanagone lero tengani pepala. Lembani chinthu chimodzi chimene mwakhala mukunena kuti "ndikanakhala". Pansi pake lembani zonse zimene zilipo, ngakhale zooneka zopanda pake: foni, njinga, khasu, kamunda ka kuseri kwa nyumba, luso loluka tsitsi, maola awiri a madzulo, anansi amene amakukhulupirirani. Musafulumire kunena kuti mulibe kanthu, mayi wamasiye uja anayambanso choncho. Kenako dzifunseni kuti, chifukwa choti ndilibe chakutichakuti, ndi chiyani chimene ndaphunzira kuchita chimene anzanga okhala nacho sadziwa? Ndipo ndani wina amene ali ndi vuto ngati langa amene ndingamutumikire? Mukapeza yankho, yambani ndi kanthu kamene mungakachite sabata yomwe ino popanda ngongole. Muuzeko m'bale kapena mlongo mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro kuti azikufunsani m'mene zikuyendera, paja mutu umodzi susenza denga.

Tiyeni tipemphere. Ikani dzanja pamtima, lamanja kapena lamanzere, lililonse limene likugwira.

Atate wathu wakumwamba, ndikubweretsa kwa Inu mwana wanu amene akumva mawu awa. Inu mukudziwa chimene chikumuchepera, mukudziwa misozi imene walira chifukwa cha chimenecho. Chimene chiyenera kuchoka, chichotseni m'dzina la Yesu. Chimene mwalola kuti chikhalepo kanthawi, mupatseni nzeru ya Mzimu Woyera kuti aone khomo limene ena sakuliona. Tsegulani maso ake aone mafuta amene atsala m'nyumba. Mumuteteze ku ngongole zomanga, mumuchotsere manyazi ndi mtima wodziyerekeza ndi ena, ndipo mudalitse ntchito ya manja ake kuti ana ake adye, aphunzire, ndi kukutamandani. M'dzina la Yesu Khristu ndapemphera. Amen.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani mpaka tidzakumanenso pa nthawi ngati yomweyi.